MWININKHANI AKAPITA, NKHANI IMATSALA NDI YANI? MAGANIZO PA POKÉMON YOPANDA ASH

Ine ndi mnzanga amene timagona chipinda chimodzi takhala tikukangana pankhani imene ena mwa inu mudzaiyesa yachibwana. Iye akuti katuni ya Pokémon idafa pa 24 Malichi 2023, tsiku limene wailesi ya kanema ya TV Tokyo ku Japan idaonetsa gawo lotsiriza la mnyamata uja Ash ndi kanyama kake kachikasu, Pikachu. Akuti zimene zakhala zikuonetsedwa kuyambira pa 14 Epulo chaka chomwecho, za mtsikana Liko ndi mnyamata Roy, ndi malonda chabe ovala dzina la malemu. Ine sindivomereza, komanso sindinganene kuti akunama pazonse. Popeza mkangano wa usiku umatha ndi tulo mfundo isanapezeke, ndaganiza zolemba maganizo anga pano kuti anzanga okonda zolembalemba atiweruze.

Ndipemphe aphunzitsi athu, ndi ena amene sadaonerepo makatuni a ku Japan, amene eni ake amawatcha anime, kuti asafulumire kutsegula tsamba lina. Funso limene lili pansi pa mkangano wathu ndi lakale, ndipo timakumana nalo m'kalasi: kodi moyo wa nkhani umakhala mwa yani? Mwa mwininkhani, m'malo amene nkhaniyo ikuchitikira, kapena mwa omvera? Mlembi wa buku limodzi sakakamizika kuyankha, pakuti buku lake limatha mwininkhani asanatope. Koma nkhani imene yaonetsedwa sabata ndi sabata kwa zaka 26 imafika poti iyankhe, ifune isafune, ndipo ikayankha molakwa imataya anthu ndi ndalama zomwe.

Kwa amene sakuidziwa, ndifotokoze mwachidule. Pokémon idayamba m'chaka cha 1996 ngati masewera a pakachipangizo ka m'manja kotchedwa Game Boy, opangidwa ndi kampani ya Game Freak. Mwini ganizo adali Satoshi Tajiri, amene ali mwana ankakonda kusaka ndi kusunga tizilombo ta m'tchire. M'masewerawo munthu amayendayenda kugwira tinyama todabwitsa, kutiphunzitsa ndi kutimenyanitsa ndi ta anzake. Katuni idayamba pa 1 Epulo 1997, ndipo mwininkhani wake adapatsidwa dzina la Tajiri, Satoshi; dzina loti Ash adalilandira katuniyi itamasuliridwa m'Chingerezi. M'gawo loyamba mnyamatayu, wa zaka 10, adagonereza patsiku lolandira kanyama kake koyamba. Pofika kwa Professor Oak adapeza tabwinotabwino tatengedwa kale, kwatsala Pikachu wamwano, wokana kulowa m'kampira kosungiramo tinyamati, wongomutentha mbuye wake ndi magetsi. Tsiku lomwelo awiriwa adathamangitsidwa ndi gulu la mbalame zolusa, ndipo Ash adaimirira pakati pa mbalamezo ndi Pikachu wovulala. Ubwenzi wa magawo opitirira 1,200 udayambira pamenepo, pa mnyamata wochedwa ndi kanyama kosafuna mbuye.

Tisanaweruze, tisiyanitse zinthu zitatu zimene anthu amaziphatikiza akamanena za kusintha atengambali. Choyamba ndi kusintha mawu: chithunzi n'chomwecho, dzina n'lomwelo, koma munthu woyankhula kuseri kwa chithunzicho ndi wina. Chachiwiri ndi kusintha anzake a mwininkhani, iye mwini alipo. Chachitatu, chimene chili chovuta kuposa zonse, ndi kuchotsa mwininkhani yemweyo ndi kukhazika mlendo pampando wake.

Chitsanzo chachikulu cha choyambacho ndi Doraemon, mphaka wa makina wochokera m'tsogolo, amene Fujiko F. Fujio adayamba kumujambula mu 1969. Kuyambira 1979, pa TV Asahi, mawu a Doraemon adali a mayi Nobuyo Ōyama, mawu osasa pang'ono amene mwana wa ku Japan ankawazindikira ngakhale ali kuseri kwa chitseko. Mu Epulo 2005, patatha zaka 26, oyankhulira akuluakulu onse asanu adasiya pamodzi, ndipo gulu latsopano lidalowa tsiku limodzi. Wasabi Mizuta adatenga Doraemon, ndipo Gian, mnyamata wovutitsa anzake uja, adaperekedwa kwa Subaru Kimura, amene panthawiyo adali ndi zaka 14 zokha. Akuluakulu ambiri adadandaula kuti uyu si Doraemon wawo. Koma katuniyo sidaime. Mizuta adakwanitsa zaka 20 pantchitoyo mu 2025, ndipo pamene Ōyama ankamwalira mu 2024, ali ndi zaka 90, n'kuti kutakula mbadwo wonse wa ana odziwa Doraemon wa mawu a Mizuta yekha.

Kusintha kwa mtundu umenewu ife sitikuona ngati chachilendo. Mfumu ikamwalira, mwana wa mlongo wake amalowa dzina. Anthu amanyinyirika chaka chimodzi kapena ziwiri kuti malemu ankaweruza bwino milandu, kenaka amazolowera, chifukwa dzina ndi bwalo n'zomwezo. Komabe ngakhale pamenepa pali malamulo ake. Mu 1987 opanga katuni ya Lupin III, ya mbala yochenjera ija, adatulutsa filimu ya The Fuma Conspiracy ndi oyankhulira atsopano okhaokha, pamene akale adali moyo ndi mphamvu zawo. Oonera adakwiya, ndipo akale aja adabwezeredwa pantchito. Koma Yasuo Yamada, mwini mawu a Lupin, atamwalira mu 1995, Kanichi Kurita, katswiri wotsanzira mawu a anthu, adalowa m'malo mwake n'kukhazikika. Anthu amalandira wolowa dzina pamaliro, kapena pamene mwini wake watula yekha pansi udindo. Wolanda mpando mwini ali chikhalire samulandira.

Chachiwiri chija Pokémon idachizolowera kalekale. Misty, mtsikana waukali amene Ash adamutengera njinga osapempha m'gawo loyamba, adachoka mu 2002, ndipo m'malo mwake mudalowa May. Kenaka Dawn mu 2006, Iris mu 2010, Serena mu 2013. Chifukwa chake sichidali cha luso ayi. Masewera atsopano akatuluka, ndi dera latsopano ndi tinyama tatsopano togulitsa, katuni inkayenera kusamukira komweko, ndipo anzake a Ash ankatsala padoko akumubayibitsa. Ngakhale tinyama ta Ash mwini tinkasiyidwa kwa Professor Oak, iye n'kuyamba ulendo watsopano ndi Pikachu. Motero oonera adaphunzitsidwa kwa zaka zambiri kuti aliyense angathe kupita, kupatula awiri okha. Ichi n'chofunika kuchikumbukira, chifukwa chikutanthauza kuti denga lonse la nkhani lidatsamira pa Ash ndi Pikachu. Nyumba ya mzati umodzi, ukazula mzatiwo uyenera kudziwiratu chimene uchirikizire denga.

Tsono tifike pachachitatu, ndipo tiyambe ndi amene adachiyesa n'kubwerera m'mbuyo. Akira Toriyama, mlembi wa Dragon Ball, adakonza bwinobwino zosiyira nkhani yake Gohan, mwana wa Goku. Pankhondo yolimbana ndi Cell, Goku adafa, ndipo wogonjetsa mdaniyo adali Gohan. Nkhani idadumpha zaka 7 n'kuyambanso ndi Gohan ali mnyamata wa kusekondale. Koma sipadapite nthawi, Goku adaloledwa kubwera kuchokera kwa akufa kwa tsiku limodzi kudzachita nawo mpikisano, ndipo pamapeto pake mpando udabwerera kwa iye: womaliza Majin Buu ndi Goku, ndipo Toriyama mwini adanena pambuyo pake kuti adaona kuti Gohan sadauyenere udindowo. Dragon Ball idapulumuka, koma idapulumuka pobweza mpando kwa mwini wake wakale. Boruto, imene idayamba kuonetsedwa mu 2017 ngati nkhani ya mwana wa Naruto, idakumana ndi vuto lomwelo mwa njira ina. Bambo ali pomwepo m'mudzi monga mtsogoleri, wamphamvu kuposa pafupifupi wina aliyense, kotero kuti mdani woopsa akabwera woonera amafunsa kuti, nanga bwanji osangoitana Naruto? Alembi amakakamizika kufunafuna njira zomufooketsera bamboyo kapena zomuchotsera pabwalo kuti mwana apeze povinira. Akuluakulu adati atambala awiri salira m'khola limodzi.

Kumbali ina kuli nkhani zimene zidamangidwa kuti zizisintha eni. Gundam ya Yoshiyuki Tomino idayamba mu 1979 ndi Amuro Ray, koma pofika 1985, mu Zeta Gundam, mwininkhani adali Kamille Bidan, Amuro n'kumangoonekera mwa apo ndi apo monga wothandiza. Pretty Cure, imene idayamba mu 2004, imabweretsa atsikana atsopano pafupifupi chaka chilichonse. M'nkhani zoterezi woonera amadziwa msanga kuti chokhalitsa ndi maloboti ndi nkhondo, kapena atsikana wamba osanduka ankhondo, osati nkhope ya munthu mmodzi. Kusintha koyamba kukachitika msanga kumasanduka mwambo. Kukachedwa zaka 26 kumakhala ngati maliro. Vuto la Pokémon lidali limeneli: masewera ake ankabweretsa mwininkhani watsopano nthawi ndi nthawi, monga Gundam, koma katuni idakakamira mnyamata mmodzi, monga Dragon Ball.

Mnzanga uja amati kukadakhala bwino akadangomusiya Ash mpaka kalekale, monga momwe banja la Sazae-san lakhalira pa Fuji TV kuyambira 1969 popanda wokalamba. Apa ndi pamene ndimasiyana naye kwenikweni. Sazae-san, Doraemon ndi Kalulu wa m'nthano zathu sakalamba chifukwa safuna kanthu kotenga nthawi. Kalulu akapusitsa Njovu lero, mawa nthano ina imayamba Njovu ataiwala, ndipo palibe mwana amene amafunsa agogo ake kuti Kalulu ali ndi zaka zingati. Ash sadali wotero. Adachoka kwawo ndi cholinga, chokakhala katswiri woposa onse, ndipo munthu wa cholinga amapatsa woonera chiyembekezo chakuti tsiku lina adzafika. Alembi adafuna zonse ziwiri: mnyamata wa paulendo, koma wosafika ndi wosakula. Mapanga awiri avumbwitsa.

Taonani mbiri ya mipikisano yake. Ku Kanto adathera m'gulu la 16 otsiriza, Charizard wake atakana kumumvera n'kungogona pabwalo. Kugonja kumeneku ndimakulemekeza, chifukwa kudachokera mwa Ash mwini, mnyamata wodzitama amene adali asanaphunzire kulamulira kanyama kake. Ku Johto ndi ku Hoenn adafika pa 8 otsiriza. Koma ku Sinnoh, mu 2010, atafika pa 4 otsiriza luso lake lili pachimake, alembi adatulutsa munthu wina wotchedwa Tobias, wokhala ndi Darkrai ndi Latios, tinyama ta m'gulu losapezekapezeka, ndipo ntchito yake m'nkhani idali imodzi yokha, kumugwetsa Ash. Ulendo wa ku Unova udayamba ndi Pikachu yemwe uja wa nkhondo zambiri akugonja kwa kanyama kongolandiridwa kumene, alembi atamupezera chifukwa chomufooketsera, ndipo Ash adabwereranso pa 8 otsiriza. Ku Kalos, mu 2016, adagonja m'ndime yotsiriza kwa Alain, oonera ambiri n'kukwiya. Kugonja pakokha si kulakwa. Mwana woonera amaphunzirapo kuti ukagwa umadzuka. Cholakwa chidali chakuti, monga ndikuonera ine, kugonja kwa m'tsogoloku sikunkachokeranso m'khalidwe la Ash koma m'mantha a eni nkhani, oopa kuti akapambana ulendo utha. Woonera akayamba kuona dzanja la mlembi likukankha mwininkhani kuti agwe, chikhulupiriro chimachoka.

Chotero pamene Ash adapambana mpikisano wa ku Alola mu 2019, ndipo kenaka pa 11 Novembala 2022 adagonjetsa Leon n'kukhala katswiri wa dziko lonse, nkhani idali itabweza ngongole yake, ndipo idalibenso kwina kopita. Pa 16 Disembala 2022 eni ake adalengeza kuti ulendo wa Ash ukutha. Chimene ndimawayamikira nacho ndi magawo 11 otsanzikira amene adaonetsedwa kuyambira Januwale mpaka Malichi 2023. M'menemo mulibe mpikisano. Misty ndi Brock adabwerera, ndipo Ash ankangoyenda pang'onopang'ono, kuthandiza tinyama tovutika m'njira. M'gawo lotsiriza Gary, mnzake wopikisana naye kuyambira ubwana, adamufunsa ngati tsopano wayandikira kukhala katswiri amene ankamulota uja. Yankho limene Ash adalipeza, atausa mvula patsinde pa mtengo, ndi lakuti ukatswiriwo ndi kupalana ubwenzi ndi tinyama tonse ta padziko, ntchito yopanda tsiku lomalizira. Pidgeot, amene adamusiya m'nkhalango mu 1999, adabwereranso kwa iye. Amayi ake adamupatsa nsapato zatsopano, ndipo iye ndi Pikachu adauyambanso. Ena adati ndi mathero ozizira, opanda ukwati, opanda kukula. Ine ndikuti adali mathero oona kwa mnyamata ameneyu. Sadamuphe, sadamukalambitse mwadzidzidzi. Adangomusiya akuyenda, ife n'kuyang'ana kwina. Ndipo chachikulu, sadamusiye m'khola kuti azilira pamodzi ndi tambala watsopano: m'magawo 100 oyamba a nkhani yatsopano Ash sadalowemo.

Nanga olowa m'malo? Pokémon Horizons idachita mwanzeru posafuna Ash wachiwiri. Liko ndi mtsikana wamanyazi wa ku Paldea, wopita kusukulu yogonera komweko ku Kanto, wosadziwa chimene akufuna pamoyo wake. Ash ankafuula zonse zimene akuganiza. Liko timamumva akudziyankhulira mumtima, akukayika, akudzifunsa ngati anzake amumvetsa. Kanyama kake, Sprigatito, ndi kamphaka kochita zakezake, ndipo magawo oyambirira ndi a awiriwa akuphunzira kumvana. Phokoso ndi changu zidapatsidwa kwa Roy, kotero kuti mtolo umene Ash ankausenza yekha udagawidwa pakati pa ana awiri, kenaka atatu atalowa Dot, mtsikana wodzitsekera m'chipinda amene ankangolimba mtima akavala chovala chobisa nkhope pojambula makanema a pa intaneti. Anawa sayenda okha m'tchire ngati Ash. Adakwera chombo chouluka pamodzi ndi akuluakulu a gulu la Rising Volt Tacklers, wophika, namwino ndi makaniko, motsogozedwa ndi Friede. Nkhaninso ili ndi chinsinsi chimodzi choyenda kuchokera gawo lina kufika gawo lina: mkanda umene Liko adalandira kwa agogo ake aakazi, umene gulu la Explorers linkaufunafuna, ndipo pambuyo pake udadziwika kuti ndi kanyama kogona, Terapagos.

Koma chimene chidandigwira mtima koposa ndi kayendedwe ka nthawi. Kale mu 1997 Pikachu wa Ash adakana mwala umene ukadamusandutsa Raichu, ndipo adakhala Pikachu mpaka mapeto. Gawo limenelo lidali lokoma, koma lidasanduka chithunzi cha nkhani yonse, yokana kukula. Sprigatito wa Liko adasanduka kawiri, kukhala Floragato, kenaka Meowscarada. Mu Epulo 2025 nkhani idadumpha chaka chathunthu, ana aja n'kubwerera atatalika, atasintha zovala, gulu lawo litamwazikana. Chinthu chimene alembi adamumana Ash kwa zaka 26 adachipereka kwa Liko patangotha zaka 2. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa: popeza Liko alibe mbiri yoti aiteteze, alembi ali ndi ufulu womulola kusintha, kutaya ndi kuyambanso.

Tsono ndipereke kwa mnzanga zimene zili zake, pakuti zilipo zitatu. Choyamba, eni Pokémon adachita mantha pakati panjira. Friede adapatsidwa Pikachu wakewake, wovala chipewa cha woyendetsa chombo, wotchedwa Captain Pikachu, ndipo mawu ake ndi a Ikue Ōtani yemweyo amene adayankhulira Pikachu wa Ash kuyambira 1997. Rica Matsumoto, mwini mawu a Satoshi, adachoka pamodzi ndi mnyamata wake. Ōtani adangovala chipewa. Apa kampani idaulula yokha amene imamuyesa mwininkhani weniweni: nkhope yachikasu ija imene ili pazidole, pamalaya ndi pandege. Tinganene kuti Pokémon sidasinthe atengambali ake onse ayi. Idachotsa amene ikadatha kukhala popanda iye, n'kusunga wobweretsa ndalama.

Chachiwiri ndi Team Rocket. Jessie, James ndi Meowth, mbala zitatu zolephera zimene zidayamba kuvutitsa Ash m'gawo lachiwiri, ndiwo adali mchere wa katuniyi. Adali akuluakulu osauka, anjala, ogwira maganyu kuti apeze ndalama zomangira makina amene ankaphulika tsiku lomwelo, okanganakangana koma osatayana. Mwana ankaseka akamaulutsidwa m'mwamba. Wamkulu woonera naye pamodzi ankawamvera chisoni, chifukwa ankadziona mwa iwo. A Explorers ndi adani oopsa kuposa iwo, ndipo mnyamata wawo Amethio ali ndi nkhani yake yogwira mtima, koma palibe amene amandiseketsa mpaka misozi monga ankachitira atatu aja. Nkhani yatsopano idapindula tsatanetsatane n'kutaya nthabwala zambiri. Ndiponso gawo la Ash unkatha kulionera lililonse osadziwa za dzulo. La Liko, ukaphonya magawo 10 wasochera. Kwa mwana woonera mwa apo ndi apo, pamene magetsi ayaka kapena foni ya mkulu wake ili ndi bandulo, kumeneku n'kutaya kwenikweni.

Chachitatu, Liko adadzadziwika kuti ndi wa magazi a Lucius, woyenda maulendo wotchuka wakalekale amene chinsinsi chonse chikuzungulira pa iye. Apa ndidakhumudwa. Ash sadali mwana wa munthu wodziwika. Adali mnyamata wogonereza wa m'kamudzi kakang'ono, ndipo mwana aliyense woonera ankatha kunena kuti, nanenso ndingathe. Mwininkhani wosankhidwa chifukwa cha makolo ake amatseka chitseko chimenecho pang'ono, ndipo nkhani zambiri za masiku ano zimagwa m'dzenje lomweli, ngati kuti mwana wamba sangayenere ulendo waukulu.

Komabe pali funso limene ine ndi mnzanga tidachedwa kulifunsa: katuniyi ndi ya yani? Patchuthi chapitachi ndidapeza mphwanga wa zaka 9 akuonera Horizons pafoni ya amayi. Ndidamufunsa ngati amamudziwa Ash. Iye, maso ali pafoni, adangoti, "Achimwene, si uja wakale wa kapu yofiira?" Kwa iye Liko sadalowe m'malo mwa aliyense, ndiye woyamba. Zidandiwawa pang'ono, koma ndidazindikira kuti ife a zaka 20 ndi kupitirira tikulira maliro m'nyumba imene tidasamukamo kale. Katuni ya ana imasintha oonera ake onse pakapita zaka zingapo, ifune isafune; mwana wa 1997 lero ali ndi ana ake. Amene amasintha kawirikawiri si a pakanema koma okhala pamphasa. N'chifukwa chake Doraemon adapulumuka mu 2005: odandaula kwambiri sadali ana amene ankakhala pansi Lachisanu madzulo kuonera. Mnzanga akamati Pokémon idafa, chimene akulira ndi masana aja a Loweruka a paubwana wake, ndipo amenewo sakadabwerera ngakhale Ash akadakhalapo zaka zina 26.

Nanga yankho langa ndi lotani? Ngati kupulumuka ndi kupitirira kuonetsedwa, funsolo lidayankhidwa kale: Horizons idadutsa magawo 100 mu 2025. Koma umenewu si umboni waukulu, pakuti katuni imene kumbuyo kwake kuli masewera, makadi ndi zidole siifa msanga. Idapulumuka ngakhale ngozi ya pa 16 Disembala 1997, pamene kuthwanima kwa kuwala kofiira ndi kwabuluu m'gawo la Porygon kudatumiza kuchipatala oonera oposa 600, ambiri a iwo ana, katuni n'kuimitsidwa miyezi 4. Muyeso weniweni ndi wina: kodi padzakhala munthu amene adzakangane ndi mnzake usiku wonse chifukwa Liko wachotsedwa? Yankho limenelo lili ndi mphwanga ndi anzake, ndipo lidzamveka iwo akadzakula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene ndingaimepo lero ndi ichi: nkhani yaitali ingathe kusintha mwininkhani ngati zinthu zitatu zakwanira. Wakale amalize chimene adanyamukira n'kuchokeratu. Watsopano asakhale chithunzithunzi cha wakale. Ndipo chimene nkhaniyo imanena chikhale chachikulu kuposa munthu mmodzi. Dragon Ball ndi Boruto zidapunthwa pa choyamba chija. Pokémon yakwanitsa ziwiri zoyambazo bwino lomwe. Pachachitatu ndi pamene Captain Pikachu amandikayikitsa. Komabe ndikabwerera ku gawo loyamba la 1997 ndimapeza kuti phata lake silidali dzina la Ash kapena nkhope ya Pikachu. Lidali mwana wochoka pakhomo pa amayi ake, ndi cholengedwa chosayankhula chinenero chake, chimene ayenera kuchinyengerera kufikira chimukhulupirire. Liko ndi Sprigatito adayambira pomwepo, ndipo pachifukwa chimenechi ndikuti nkhani ili moyo, ngakhale ikuseka mochepa kuposa kale. Ife amene tikuphunzira kulemba tingachite bwino kudzifunsa msanga, tisanamukondetse mwininkhani wathu, ngati tidzamulole kufika kumene tidamutuma. Alembi a Ash adazengereza zaka 22 asanamulole kupambana mpikisano waukulu, ndipo magawo ambiri a pakatipo adali ongoyenda mozungulira.

Mnzanga wawerenga zimene ndalembazi ndisanazipereke kwa akonzi. Wavomera za Tobias, wavomeranso za atambala awiri, koma akuti pa za Team Rocket ndalemba mofatsa kwambiri, ndipo walonjeza kuyankha m'kope lotsatira.